Simugwira Ntchito

Zaka zimene ndinakhala kutali ndi kwathu sindikuzidziwanso bwino. Ndikawerenga lero zimakwana khumi ndi ziwiri, mawa khumi ndi zisanu, ndiye ndinangosiya. Chimene ndikukumbuka n'chakuti ndinachoka pamudzi nyengo ya mango, amayi atandisenzera sutikesi mpaka kumsewu, ndipo ndinapita kukaphunzira fizikisi ku yunivesite ina ya m'munsi mwa phiri. Sinali fizikisi ya m'mabuku yokha ayi. Inali ija amati ukatha zaka zinayi uzikaigwiritsa ntchito pa magetsi, pa madzi ndi pa makina a kuchipatala. Anthu kwathu akandifunsa ndinkangoti ndikukaphunzira za mphamvu, iwo n'kumayang'ana timikono tangati mondimvera chisoni.

Amayi anga, a Nangondo, ankatungira madzi anthu oumba njerwa. Tsiku lonse ndowa yachitsulo pamutu, kuchoka kudambo kukafika kumene ankapondako dothi, njira yake yosalala ngati bwalo la mpira. Sukulu yanga yonse inatuluka m'ndowa imeneyo. Achemwali anga a Enelesi analekeza fomu thuu kuti ine ndipitirire, ndipo ndiwo ankawawerengera amayi makalata, poti amayiwo sanapondeko m'kalasi.

Chaka choyamba ankatiphunzitsa a Dokotala Chingaipe, mayi wamfupi amene choko sichinkachoka m'tsitsi mwawo. Tsiku lina anati, "Mu fizikisi, ntchito ndi mphamvu kuchulukitsa ndi mtunda umene chinthu chayenda, koma chiyende molowera kumene mphamvuyo ikukankhira." Ataona kuti tangoti kukamwa yasa, anaika buku pamutu n'kuyenda kuchoka pakhomo kukafika pawindo.

"Mutu wanga ukukankhira bukuli m'mwamba. Bukuli likupita cham'mbali. Ndagwira ntchito yochuluka bwanji?"

Anadziyankha okha.

"Palibe. Ziro."

Tinaseka. Ine ndinaseka kuposa onse, mwana wa kumudzi amene anali atangoyamba kumwa tiyi wa mkaka tsiku ndi tsiku. Nzeru zinandikwera m'mutu ngati masese. Masana omwewo ndinakhala pansi pa mtengo n'kulemba kalata yopita kumudzi. Ndinafotokoza za buku la pamutu, ndinajambula mivi iwiri, wina woloza kumwamba wina woloza kumbali, ndipo pomaliza ndinalemba motere: "Choncho amayi, malinga ndi maphunziro angawa, inu simugwira ntchito." Ndinkaona ngati ndi nthabwala yapamwamba. Ndinanyambita sitampa ndikumwetulira ndekha.

Sabata yotsatira a Dokotala Chingaipe anabwereranso ku mutu womwewo. Anati, "Zija ndinanena zija musakanyoze nazo anthu. Liwu la m'bukuli ndi lopapatiza, limawerenga zimene zachitikira katundu, osati zimene zachitikira wosenzayo. Minofu yake ikuyaka ngati nkhuni ulendo wonsewo." Kalata inali itapita kale.

Yankho linabwera ndi dzanja la achemwali, mizere itatu yokha. "Achimwene, kalata yanu ndawawerengera amayi. Analira. Limbikirani sukulu."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Mayi woti anathothoka tsitsi pakati pa mutu chifukwa cha ine, ine n'kumuuza kuti sagwira ntchito, ndi mivi yomwe. Ndikanakwera basi tsiku lomwelo n'kukagwada, nkhani ikanathera pomwepo. Koma matama ali ndi nzeru zawonso. Ndinadziuza kuti kupepesa ndi pakamwa n'kotchipa, ndidzapita nditanyamula digiri ndi makina opopa madzi amene adzachotse ndowa ija pamutu pawo, ndiye ndidzapepese. Pa holide anzanga akamapita kwawo, ine ndinkatsala mu labu kumatsuka magalasi ndi kukulunga mawaya.

Chaka chachitatu masamu a mafunde anandikana. Ndinkati ndikatsegula buku, zilembo zinkayenda ngati nyerere. Ndinalephera, anandipatsa mwayi wobwereza mayeso, ndinalepheranso. Dzina langa linatuluka pa bolodi lili ndi mzere pansi pake, ndipo kumeneko aliyense ankadziwa tanthauzo la mzerewo: longedza. Ndinalongedza makope anga anayi a fizikisi, malaya awiri ndi kasipanala kamene ndinali nditaiwala kubweza ku labu. Pa geti msewu unali ndi mbali ziwiri, ina yolowera kwathu. Ndinatenga inayo.

Tsiku limenelo m'pamene ndinamuona koyamba mayi wa ndowa. Ankayenda kutsogolo kwanga, mtunda woti ukhoza kumuitana, ndowa yodzaza pamutu, dzanja limodzi likugwedera. Ndinafulumira kuti ndimupitirire, koma mpata wa pakati pathu sunachepe. Pofika pamphambano anali atakhota, kaya analowera kuti.

Ndinafika m'tauni ina ya msika waukulu, momwe misewu itatu imakumana. Kuseri kwa ogulitsa nyemba kunali kashedi ka munthu wokonza masikelo, Che Amidu, wa ndevu zoyera ndi kachipewa kosachoka pamutu. Ndinaima n'kumaonerera akulimbana ndi sipuling'i ya sikelo ya pabutchala, mpaka ndinalephera kudzigwira.

"Yatambasuka kupitirira malire ake imeneyo, siibwereranso."

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Wadziwa bwanji?"

"Ndinaphunzirako."

"Unamaliza?"

"Ayi."

"Khala pansi. Omaliza sabwera kuno."

Ndinakhala nawo mvula zingapo. Anandiphunzitsa zimene buku silinanene: kuti dzimbiri limanamiza sikelo mokomera wogulitsa, kuti mpeni wapakati umene mtanda umatsamirapo suupaka girisi, umangoupukuta. Ine ndinkawalembera masamu ake pansi, iwo n'kumaseka kuti ndikuvutikira chinthu chimene chala chawo chikudziwa kale. Azimayi ankabwera ndi matumba a mtedza pamutu kuchokera kutali, n'kuwatula pasikelo imene ife takonza, muvi n'kuloza nambala.

"Ukuona?" anatero Che Amidu tsiku lina. "Wa pafupi apa ndi wochokera kutsidya kwa mtsinje, sikelo ikuwauza zofanana. Siifunsa kuti wachokera nalo kuti thumbalo."

Madzulo ake ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba kuti, "Okondedwa amayi." Ndinakhala nalo pabondo mpaka ogulitsa anayamba kulongedza. Che Amidu anandifunsa kuti kwathu n'kuti, ine ndinaloza ndi mlomo. Anati, "Basi yake imaima paja pali mtengo wa mkuyu, Lachitatu ndi Loweruka." Ndinathokoza. Lachitatu ndinapitadi pamkuyupo, koma ndinakwera lole ya fodya yolowera kwina.

Za midzi imene inatsatira ndimaisokoneza. Yonse inali ndi tchalitchi chosamaliza, mbuzi pakhonde la sukulu ndi mjigo wakufa. Ndinkayenda ndi a Kalilangwe, mmisiri wa mijigo, munthu wamtali wosakonda kuyankhula, amene njinga yake inkalira ngati ikudandaula. Tikafika pamudzi azimayi ankatizungulira ndi ndowa zopanda madzi, ife n'kumasula mutu wa mjigo n'kuyamba kukoka ndodo zachitsulo, imodzi imodzi, mpaka titapeza kalabala kamene kadyeka pansi penipeni.

Gawo langa linali kugwira. A Kalilangwe akamamasula ndodo yapamwamba, ine ndinkagwira zonse zotsala zolendewera m'dzenje. Ukataya, mudzi wonse ubwerera kudambo. Tsiku loyamba nati ina yomangira ndodo inakana kumasuka, iwo analimbana nayo nthawi yaitali, ine chigwirire. Mikono inayamba kunjenjemera, thukuta likulowa m'maso, msana ukuyaka moto.

"Bambo, ndisinthe dzanja?"

"Osasuntha. Ntchito yako ndi yomweyo."

Ndodozo sizinayende ngakhale kachidutswa ka chala. Titamaliza ndinalephera kunyamula kapu ya thobwa imene anandipatsa, ndinachita kuigwira ndi manja awiri ngati nkhalamba. Azimayi a pamudzipo anaseka, wina n'kunena kuti, "Aphunzitsi awa ndi a pensulo." Kenako anapopa madzi, n'kumatwikana ndowa wina ndi mnzake, n'kumapita m'mizere, makosi ali chilili. Ndinawayang'ana mpaka womaliza, ndipo womalizayo anali ndi dzanja limodzi logwedera.

M'mudzi uliwonse ndinkayamba kalata. Kwina ndinafika pa mawu oti "ndinalakwa." Kwina ndinalemba masamba awiri ofotokoza za minofu ndi mmene imawotchera chakudya, n'kuzindikira kuti ndayambanso kuphunzitsa munthu amene sanandipemphe, ndipo ndinang'amba. A Kalilangwe anandipeza tsiku lina ndikutafuna cholembera.

"Kwanu kuli anthu?"

"Alipo amayi ndi achemwali."

"Akudziwa kuti uli moyo?"

"Ndikufuna ndidzapite ndili ndi kanthu m'manja."

Anapukuta sipanala ndi nsanza kwa nthawi. "Kwanu mjigo ulipo?"

"Kunalibe pamene ndinkachoka."

"Ndiye wakonza mijigo ingati ya amayi a eni ake?"

Iwo sanafunsenso, ndipo patapita miyezi ingapo bondo lawo linatupa, anabwerera kwawo n'kundisiyira chikwama cha zitsulo.

Makope anga ndinawataya pa mtsinje wina nyengo ya dzinja. Ndinkawoloka ndi chikwama cha zitsulo paphewa, makope ndili nditawamanga m'nsalu n'kuwaika pamutu monga ndinkaonera ena. Sindinafike ngakhale pakati. Khosi linagwedera, mtolo unagwa, ndipo zaka zitatu za fizikisi zinapita ndi madzi zikutembenuzika. Amayi awiri amene ankawoloka pambuyo panga, aliyense dengu la ufa pamutu ndi mwana kumsana, anandipepesa n'kundipitirira.

Malo omaliza anali chipatala cha m'tauni ina yafumbi, chamakoma oyera ndi mitengo ya bulugama. Ndinapitako kukakonza pampu ya thanki, ndipo ndili pompo ndinamva kuti makina ojambula mafupa, aja amati ekisireyi, akhala osayaka mwezi wathunthu. Ndinapempha kuti ndingowaona. Unali waya umodzi wopsa. Mayi amene ankawayendetsa, a Nyirongo, anandifunsa kuti ndinaphunzira kuti zimenezi, ndipo nditawauza anati, "Osamaliza ndi amene mumagwira zinthu ndi mantha. Khalani, muzindithandiza."

Ndinkaimika odwala, kuwauza kuti asapume, kenako kutsuka zithunzi m'kachipinda kamdima. A Nyirongo ankazipachika pagalasi lowala n'kumandiphunzitsa kuwerenga: ili ndi fupa lothyoka, ichi ndi chifuwa chachikulu, iyi ndi ndalama yachitsulo imene mwana anameza. Tsiku lina kunabwera mayi wachikulire amene manja ake anali atachita dzanzi, sankathanso kumanga chitenje. Tinajambula khosi. A Nyirongo analoza ndi cholembera.

"Mafupa a m'khosi amayenera kukhala ndi mpata pakati, ngati njerwa ndi matope ake. Apa mpata uli kuti?"

"Palibe."

"Akhudzana, ndipo akutsina mitsempha ya m'manja. Ndikaona chithunzi chotere sindifunsa n'komwe kuti mayi amachita chiyani. Ndi madzi, kapena nkhuni. Ndimaona zitatu kapena zinayi pa sabata."

Ndinayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Pa zonse zimene ndinayeza m'moyo wanga, ndi sikelo, ndi mita, ndi masamu, aka kanali koyamba kuona chida chikulemba zimene zachitikira wosenza. Mantha anandigwira, oti amayi adzafa mawu anga aja ali m'khutu. Ndinavula chovala cholemera chimene tinkavala podziteteza ku cheza cha makinawo n'kuchipachika pamsomali.

"Mukupita kuti dzuwa lili pamutu?" anafunsa a Nyirongo.

"Kwathu."

"Kani muli ndi kwanu."

Ulendo uno mayi wa ndowa anali kutsogolo kwanga kuyambira pamene ndinatsikira basi. Ndinayenda pambuyo pake kudutsa dambo, kudutsa maenje akale a njerwa amene anali atamera mlulu. Sanakhote. Analowa pabwalo la kwathu, anatula ndowa, n'kutembenuka. Anali achemwali anga a Enelesi, imvi zitayamba m'mbali mwa duku.

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana chikwama cha zitsulo. Sanalire, sanakuwe. Anangoti, "Ali pakhonde kuseriku."

Amayi anali atakhala pamkeka atatsamira khoma, pilo kumbuyo kwa khosi. Anali atachepa. Kuti andione anachita kutembenuza thupi lonse, poti mutu pawokha sunkatembenukanso. Manja anali pamiyendo, zala zitapindika. Ndinagwada patali pang'ono monga mwa mwambo, iwo n'kunena kuti, "Senderani kuno, bambo, maso anatha awa." Anandigwira kumaso ndi kuseri kwa dzanja, n'kumaseka, misozi ikutsika.

Mawu amene ndinawasenza zaka zonsezo anali pakamwa. Ndinati, "Amayi, ndabwera kudzapepesa. Kalata ija ndinakulemberani ndili chaka choyamba..."

"Achimwene," anadula achemwali, "tabwerani mundithandize kutsitsa thumba m'nkhokwe."

"Ndimalize kaye."

"Panopa."

Kuseri kwa nkhokwe kunalibe thumba lililonse. Achemwali anaima atapinda manja, ndipo ulemu uja anausiya pakhonde.

"Iwe, ukufuna kuwapha?"

"Ndikufuna kupepesa. Munandilembera nokha kuti analira."

"Analira, ee. Unafunsa kuti analira chifukwa chiyani?"

Anapitiriza osadikira yankho.

"Kalata yako ndinayamba ndaiwerenga ndekha kudambo. Ndinaimva bwinobwino, usaganize kuti fomu thuu ndi uchitsiru. Ndinafuna kuiponya pamoto, koma amayi anali ataiona kale envelopu. Ndiye ndinalumpha mivi yako ija ndi buku lako la pamutu, ndinawerenga moni ndi mzere womaliza. Iwe unalemba kuti simugwira ntchito, kutanthauza kuti zimene amachitazo si ntchito. Ine ndinakweza mawu pena, n'kuwerenga kuti simugwira ntchito, monga munthu amanenera kuti lero simupita kumunda, mupume. Zilembo ndi zomwezo. Sindinawonjezerepo ngakhale chimodzi."

"Ndiye iwo anamva kuti..."

"Anamva kuti mwana wawo akuti, malinga ndi maphunziro angawa, mupuma. Analira, anavina, anakauza onse oumba njerwa. Kuyambira tsiku limenelo anawonjezera maulendo a kudambo, ati mwana asasowe sopo, amalize msanga. Kalata ya ku yunivesite yoti wachotsedwa itafika, ndinawauza kuti akuti sukulu yatalikitsidwa. Chaka chilichonse ndakhala ndikuitalikitsa sukulu yakoyo. Ndowa aisiya dzinja lapitali, itawagwa pamutu kawiri."

Ndinakhala pansi pa dothi. Zaka zonsezo ndinkathawa chipongwe chimene sichinafike n'komwe, pamene kuno anthu ankadikira lonjezo. Ndinati, "Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanalembera kuti? Utachoka ku yunivesite unasiya keyala?" Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje mwaukali. "Poyamba ndinkafuna umve kuwawa pang'ono, n'chifukwa ndinangolemba kuti analira. Ndinkati ubwera pa holide, ndidzakukalipire, tidzaseke. Imeneyo ndi mbali yanga, ndipo ndimaisenza ndekha. Koma kupepesa kwakoko ukhale nako. Ukapepesa uyenera kufotokoza chimene ukupepesera, ndipo akamva lero ndiye kuti wawatukwana lero."

Tinabwerera pakhonde. Amayi anali chikhalire, akuyang'ana kumene tinawasiya akuyang'ana.

"Mumati mupepese chiyani, bambo? Kuchedwa? Sukulu zikuluzikulu zimatero, Enelesi amandiuza."

"Ee, amayi. Kuchedwa."

"Palibe kanthu. Koma pali chimodzi chimene ndakhala ndikuchifuna. Mawu aja ndinawamva ndi pakamwa pa mlongo wanuyu. Kalata inadyedwa ndi chiswe kalekale. Tanenani nokha, ndimve ndi mawu anu."

Achemwali anali ataima pamzati, maso ali pa ine. Ndinayang'ana khosi la amayi, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe mmene chithunzi chake chikanaonekera pagalasi la a Nyirongo. Ndinakweza mawu pamene achemwali anakwezapo.

"Amayi, simugwira ntchito."

Anatseka maso. Anayesa kugwedeza mutu, khosi linakana, ndiye anangogwedeza dzanja.

"Ndi momwemo," anatero. "Mwachedwa nawo pang'ono, koma ndamva." Anapuma, kenako anakweza mawu. "Enelesi, mlendo wayenda ulendo wautali, asambe. Madzi aja ndi ophikira, kathamangire ena."

Achemwali anakhuthulira madzi mu mtsuko, anatenga ndowa, n'kudutsa pafupi nane osandiyang'ana.